Kodi mafuta a m'zakudya ndi oopsadi? Tione zomwe zili pa msika wa Nkhata Bay

Pa msika wa Nkhata Bay mafuta amagulitsidwa m'njira zambiri, ngakhale ogula sawatchula onse kuti mafuta. Pali a m'mabotolo ndi m'zigubu za m'magolosale. Pali oyeza, omangidwa m'timapepala ta pulasitiki, omwe amagula mayi wofuna ongokwanira ndiwo za tsiku limenelo. Pali omwe akubwata m'chiwaya cha tchipisi ndi mumphika wa mandasi. Ndiye pali ena osaoneka ndi maso, omwe ali mu mtedza ndi nsinjiro, m'mapeyala, mu usipa ndi utaka, komanso mu nsomba yonona ija yotchuka m'bomali yomwe amaitcha batala.

Munthu amene ali ndi foni amamva zosemphana za mafuta onsewa. Uthenga wina wa pa WhatsApp ukuti mafuta amatseka mitsempha ya magazi, choncho asiyeni. Wina, nthawi zambiri wochokera kwa achibale a ku Joni, ukuti ayi, mdani weniweni ndi nsima ndi shuga, idyani nyama yonona mmene mungathere. Kanema wa pa TikTok akuti mafuta a mpendadzuwa ndi a soya ndi poizoni. Kuchipatala namwino akuuza wodwala BP kuti achepetse zamafuta, pomwe kusikelo ya ana mlangizi wa zaumoyo akuuza mayi kuti azithira kasupuni ka mafuta m'phala la mwana.

Namwino ndi mlangiziyo onse akunena zoona, chifukwa akulankhula ndi anthu awiri osiyana. Funso loti mafuta ndi oopsa kapena ayi silingayankhidwe tisanafunse kuti ndi mafuta ati, akudya ndani, ndipo akawasiya adya chiyani m'malo mwake.

Ntchito ya mafuta m'thupi

Gramu imodzi ya mafuta imapereka mphamvu zokwana makalori 9, pamene gramu ya shuga, sitalichi kapena puloteni imapereka makalori 4 okha. N'chifukwa chake mafuta amanenepetsa msanga munthu wamkulu wokhala pansi tsiku lonse, ndipo n'chifukwa chomwecho amapulumutsa mwana wonyentchera. Mimba ya mwana wa chaka chimodzi ndi yaing'ono. Phala lamadzimadzi la ufa woyera limaidzaza mwanayo asanapeze mphamvu zomwe thupi lake likufuna. Mukathiramo nsinjiro kapena supuni yaing'ono ya mafuta, phala lomwelo limakhala ndi mphamvu zochuluka popanda kuchuluka m'mbale.

Chiponde chomwe zipatala zimapatsa ana onyentchera kwambiri chimapangidwa ndi mtedza wopera, mafuta ophikira, mkaka waufa, shuga ndi mavitamini. Dziko la Malawi lili ndi mbiri pa chakudyachi: Dr Mark Manary anayamba kuchiyesa pa ana ku Blantyre mu 2001, ndipo zotsatira zake zinathandiza kuti ana ambiri onyentchera azilandira chithandizo ali kunyumba m'malo mogonekedwa. Mphamvu zoposa theka za m'chiponde zimachokera ku mafuta. Mkaka wa m'mawere nawo, pafupifupi theka la mphamvu zake ndi za mafuta.

Mavitamini A, D, E ndi K salowa bwino m'magazi ngati m'chakudya mulibe mafuta. Chigwada, bonongwe, nkhwani, maungu ndi mbatata yofiira mkati zili ndi zinthu zomwe thupi limasandutsa vitamini A, koma masamba ongowiritsa ndi mchere amapereka zochepa poyerekeza ndi otendera kapena othira mafuta pang'ono. Kutendera ndiwo kumakometsa, komanso kumathandiza kuti zabwino za m'masambawo zisangodutsa m'matumbo.

Palinso mafuta ena omwe thupi silingathe kupanga lokha mokwanira, monga a gulu la omega-3, ofunika pa kukula kwa ubongo ndi maso a mwana. Ambiri amaganiza kuti amenewa amapezeka mu nsomba za kunyanja zamchere zokha kapena m'makapisozi a ku famase. Kafukufuku amene anachitika ku Mangochi ndipo anasindikizidwa mu 2015 anapeza kuti mkaka wa m'mawere wa amayi okhala m'mphepete mwa nyanja ya Malawi uli ndi mafuta ochuluka a mtundu wa DHA, omwe ali m'gulu la omega-3, ndipo ofufuzawo anaona kuti amayiwa amadya usipa kawirikawiri. Usipa womwewo ndi umene umayanikidwa pa mathandala m'madoko a Nkhata Bay.

Mafuta ogwirana, amadzimadzi ndi opangidwa kufakitale

Njira yapafupi yosiyanitsira mafuta ndi kuona zomwe amachita akazizira. Msuzi wa nyama ya ng'ombe, mbuzi kapena nkhumba ukagona, m'mawa pamwamba pake pamakhala mafuta oyera ogwirana. Amenewa ali ndi mafuta ambiri a mtundu womwe achipatala amautcha saturated. Batala wa mkaka, mafuta a kokonati ndi mawese, omwe amadziwika kwambiri ku Karonga, alinso m'gulu limeneli. Mawese pafupifupi theka lake ndi mafuta a mtunduwu. Mafuta ena otsika mtengo olembedwa kuti vegetable oil amakhala mawese oyengedwa kapena osakaniza, n'chifukwa chake amachita mbuu m'botolo nthawi yozizira ya Juni. Zolembedwa pa botolo zimanena chomwe apangira.

Anthu ambiri amaganiza kuti mafuta omwe tadya amapita mwachindunji kukamata mitsempha ngati mmene amatsekera paipi ya sinki. Sizichitika choncho. Chiwindi ndicho chimapanga kolesitolo wambiri amene ali m'magazi, ndipo ndichonso chimachotsa wotsala. Munthu akamadya mafuta ogwirana ochuluka, chiwindi chimachedwa kuchotsa kolesitolo wa mtundu wa LDL. Ameneyu akachuluka m'magazi kwa zaka zambiri, amalowa m'kati mwa khoma la mtsempha, khomalo limatupa, njira ya magazi imachepa. Tsiku lina chotupacho chimang'ambika, magazi amaundana pamenepo. Zikachitikira mumtsempha wa mtima, munthu amadwala mtima mwadzidzidzi. Zikachitikira mu ubongo, ndiye sitiroko ija imafoola ziwalo mbali imodzi. Zonsezi zimatenga zaka, ndipo nthawi zambiri sizipweteka mpaka tsiku la ngozi.

Mafuta a mpendadzuwa, soya, mtedza, chitowe, mapeyala ndi nsomba sagwirana motero. Akalowa m'malo mwa mafuta ogwirana, LDL amatsika. Zoti mafuta a mpendadzuwa ndi a soya ndi poizoni, zomwe zafala pa intaneti zaka zino, sizigwirizana ndi zomwe zapezeka poyesa anthu enieni.

Mtundu wachitatu ndi womwe akatswiri satsutsana nawo n'komwe. Amautcha trans fat. Umapangidwa kufakitale posandutsa mafuta amadzimadzi kuti alimbe ndi kukhalitsa pa shelefu, ndipo umapezeka m'majarini ena olimba, m'mafuta olimba ophikira makeke, ndi m'mabisiketi ena. Umakweza kolesitolo woipa n'kutsitsa wabwino nthawi imodzi. Dziko la Denmark ndilo linayamba kuuletsa mu 2003. South Africa inaika lamulo mu 2011 loti usapitirire magalamu 2 pa magalamu 100 aliwonse a mafuta, ndipo mu 2018 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linapempha maiko onse kuti authetse. Mukaona mawu oti partially hydrogenated pa paketi, ndiwo womwewo.

Chisokonezo chinachokera kuti?

Mkangano wa mafuta unayambira ku America, komwe pakati pa zaka za m'ma 1900 amuna ambiri azaka zapakati ankafa ndi matenda a mtima. Katswiri wina, Ancel Keys, anayambitsa kafukufuku m'maiko asanu ndi awiri mu 1958, ndipo anapeza kuti komwe anthu amadya mafuta ogwirana ambiri, monga ku Finland, matenda a mtima anali ochuluka kuposa ku Japan kapena ku chilumba cha Crete. Ku Crete anthu ankadya mafuta ambiri ndithu, koma a olivi. Mu 1977 komiti ya nyumba ya malamulo ya America inalangiza anthu kuchepetsa mafuta, ndipo uthenga utafika kwa anthu wamba unafupikitsidwa n'kungotsala woti mafuta onse ndi oipa. Makampani anadzaza masitolo ndi zakudya zolembedwa kuti zili ndi mafuta ochepa, koma kuti zikome ankathiramo shuga ndi ufa woyera.

Pambuyo pake kunatuluka zochititsa manyazi. Mu 2016 ofufuza anapeza makalata osonyeza kuti bungwe la makampani a shuga ku America linalipira akatswiri a pa yunivesite ya Harvard kuti alembe nkhani yomwe inatuluka mu 1967, yopeputsa kuopsa kwa shuga n'kuloza chala mafuta. Kafukufuku wamkulu wa amayi pafupifupi 49,000, yemwe zotsatira zake zinatuluka mu 2006, anapezanso kuti kungochepetsa mafuta onse kwa zaka 8 sikunachepetse matenda a mtima.

Apa zinthu zinatembenuka. Mu 2014 magazini ya Time inatuluka ndi chikuto chouza anthu kuti adye batala. Ku Nkhata Bay langizo limenelo likanakhala labwino akanakhala kuti akunena nsomba, koma ankanena wa mkaka. Ku South Africa, Pulofesa Tim Noakes wa ku Cape Town anatchukitsa kadyedwe kotchedwa Banting, kosiya zakudya zokhutitsa n'kumadya mafuta ambiri. Bungwe loyang'anira achipatala m'dzikolo linamuzenga mlandu chifukwa cha langizo lomwe anapereka pa Twitter kwa mayi woyamwitsa, ndipo mu 2017 anapezeka wosalakwa. Otsatira ake amatenga chigamulochi ngati umboni woti kadyedweko n'kolondola, chikhalirecho mlanduwo unali wa khalidwe la dokotala pa ntchito yake. Boma la Nkhata Bay lili ndi anthu ambiri ogwira ntchito ku South Africa kuyambira kalekale, choncho n'zosadabwitsa kuti malangizo a Banting amafika kunyanja kudzera pa foni.

Mbali zonse ziwiri zili ndi kachoonadi, ndipo chomwe chimazigwirizanitsa ndi funso lija loti mukasiya mafuta mudya chiyani. Mu 2020 bungwe la Cochrane, lomwe limaunika pamodzi kafukufuku wosiyanasiyana, linaphatikiza zotsatira za anthu oposa 56,000. Linapeza kuti kuchepetsa mafuta ogwirana kwa zaka ziwiri kapena kuposerapo kumachepetsa matenda a mtima ndi mitsempha ndi pafupifupi 17 pa 100 aliwonse, ngakhale kusiyana kwa chiwerengero cha imfa sikunaoneke bwino. Kafukufuku wambiri amasonyeza kuti phindu limaoneka kwambiri pamene mafuta a nyama alowedwa m'malo ndi a mbewu, mtedza kapena nsomba. Mukawasiya n'kuonjezera buledi woyera, zakumwa zotsekemera ndi tiyi wa masupuni anayi a shuga, simunapindule kanthu.

Mbale ya m'Malawi si ya ku America

Malangizo ambiri omwe amazungulira pa mafoni analembedwera anthu omwe amadya nyama, tchizi ndi batala tsiku lililonse. Banja la ku Nkhata Bay lomwe likudya nsima ya kondowole ndi chigwada lili kutali ndi zimenezo. Chinangwa chili ndi mafuta osakwana gramu imodzi pa magalamu 100, ndipo puloteni wake ndi wochepa kwambiri kuposa wa chimanga. Pa mbale yotere, usipa, nsinjiro kapena peyala ndizo zimabweretsa zomwe kondowole alibe. Munthu wa m'banja limeneli akamvera uthenga wa pa foni n'kusiya mapeyala poopa kolesitolo, wataya chabwino pachabe. Mapeyala alibe kolesitolo ngakhale pang'ono, monganso zomera zonse.

Kafukufuku wotchedwa PURE, amene anatsatira anthu oposa 135,000 m'maiko 18, kuphatikizapo South Africa ndi Zimbabwe, anapeza mu 2017 kuti omwe mphamvu zawo zambiri zimachokera ku zakudya zokhutitsa zokha ankafa msanga kuposa omwe amadyako mafuta. Tisathamangire kunena kuti nsima imapha. Anthu odya zokhutitsa zokhazokha nthawi zambiri ndi osauka, osowanso ndiwo zabwino ndi chithandizo cha kuchipatala. Koma zotsatirazi zikugwirizana ndi zomwe Unduna wa Zaumoyo umaphunzitsa, zoti munthu azidya kuchokera m'magulu onse asanu ndi limodzi a zakudya, ndipo zamafuta ndi limodzi mwa maguluwo.

Vuto ndi loti Malawi ali ndi matenda a kusowa ndi a kuchuluka nthawi imodzi, mwina m'nyumba imodzi. Kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 pa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu ndi opinimbira, pamene amayi 21 pa 100 aliwonse a zaka 15 mpaka 49 ndi onenepa mopitirira muyeso. Bungwe la MEIRU, lomwe linayeza anthu akuluakulu pafupifupi 29,000 ku Karonga ndi ku Area 25 mumzinda wa Lilongwe, linapeza kuti kunenepa kotereku kuli pa amayi 44 pa 100 aliwonse m'tauni ndi 27 kumudzi. Pa abambo anapeza 18 m'tauni ndi 9 kumudzi. Karonga ndi boma la m'mphepete mwa nyanja ngati Nkhata Bay, choncho tisamati vutoli ndi la mabwana a m'mizinda okha.

Palinso chiwerengero china chofunika kuchiganizira. Kafukufuku wa STEPS wa mu 2009 anapeza kuti munthu mmodzi mwa atatu aliwonse a zaka 25 mpaka 64 anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, pamene a kolesitolo wokwera sanakwane mmodzi mwa khumi. Kwa Amalawi ambiri, mchere womwe timawaza pa tchipisi ndi pa kanyenya ndi woopsa mwina kuposa mafuta ake. WHO imati munthu asapitirire magalamu 5 a mchere patsiku, pafupifupi supuni yaing'ono imodzi, kuwerengera ndi wa m'ndiwo momwe.

Za chiwaya

Kusintha kwakukulu pa kadyedwe kathu kwachitikira pa chiwaya. Tchipisi, mandasi, zitumbuwa, chinangwa chokazinga, nkhuku, ngakhale usipa, zonse tsopano zimamizidwa m'mafuta. Mbatata yowiritsa ilibe mafuta, koma ikakazingidwa imamwa mafuta ndipo mphamvu zake zimachuluka kawiri kapena katatu. Kwa msodzi wopalasa bwato usiku wonse kapena wa kabaza, mphamvu zimenezo zimagwira ntchito. Kwa wogulitsa m'golosale amene amakhala pampando kuyambira m'mawa, zimakasungidwa pamimba, ndipo mafuta a pamimba ndiwo amayenderana kwambiri ndi matenda a shuga.

Ndiye pali nkhani yobwereza mafuta. Mtengo wa mafuta ophikira unakwera kwambiri mu 2021 ndi 2022, ndipo wogulitsa tchipisi sangataye malita angapo madzulo aliwonse n'kuyembekeza phindu. Amangoonjezera atsopano pa akale. Sitingamuweruze mopepuka, koma mafuta akatenthedwa mobwerezabwereza amaonongeka, n'kupanga zinthu zomwe zimavulaza maselo a m'thupi. Zizindikiro zake n'zooneka: amada, amachita nthenya, amatulutsa thovu, amafuka utsi asanatenthe kwenikweni, ndipo fungo lake limakanda kukhosi. Wogula ali ndi ufulu wosuzumira m'chiwaya asanatulutse ndalama. Kunyumba, mafuta okazingira asefedwe akazizira, asungidwe m'chotengera chotseka, ndipo akayamba kuda atayidwe.

Nanga muyeso wake ndi wotani?

Malangizo a WHO omwe anakonzedwanso mu 2023 amati kwa akuluakulu mafuta onse asapitirire 30 pa 100 ya mphamvu za tsiku, ogwirana asapitirire 10 pa 100, ndipo trans fat asapitirire 1 pa 100. Kwa munthu wofuna makalori 2,000 patsiku, ndiye kuti magalamu pafupifupi 67 a mafuta onse pamodzi, omwe ndi masupuni aakulu osakwana asanu. Muyesowu ukuphatikiza a mu mtedza, nsomba, nyama, mkaka ndi mandasi, osati a m'botolo okha. Pa amenewa, ogwirana asapitirire magalamu 22. Palinso malire apansi omwe satchulidwa kawirikawiri: akatswiri a FAO ndi WHO amati wamkulu asatsike pa 15 pa 100, ndipo mayi wa msinkhu wobereka asatsike pa 20. Ana aang'ono amafuna gawo lalikulu kuposa akuluakulu, ndipo mwana wosakwana zaka ziwiri sayenera kumanidwa zamafuta poopa kunenepa.

Palibe amene amaphika ndi sikelo, choncho chosavuta n'kuyeza mafuta ndi supuni m'malo mothira kuchokera m'botolo. Nyama yonona ichotsedwe mafuta ooneka, ndipo msuzi wake ukazizira muyengule omwe agwirana pamwamba. Nsomba yowamba, yootcha kapena yophika ndi tomato ndi anyezi imasunga mafuta ake abwino popanda kumwa a m'chiwaya. Mazira, omwe anthu ambiri amawaopa, si vuto kwa munthu wathanzi akamadya limodzi patsiku. Amene ali ndi matenda a shuga kapena a mtima akambirane ndi achipatala za kadyedwe kawo, makamaka asanayambe za Banting, chifukwa kusiya nsima mwadzidzidzi uku ukumwa mankhwala otsitsa shuga kungagwetse munthu.

Mtedza uli ndi chenjezo lake lomwe silikhudza mafuta. Wovunda, wofota kapena wa chuku umakhala ndi poizoni wotchedwa aflatoxin, amene amaononga chiwindi ndipo saphedwa ndi moto. Nsinjiro zogula zopera kale zimabisa mtedza woipa, choncho ndi bwino kugula wathunthu, kusankha, n'kusinja nokha.

Pogula mafuta ophikira, kumbukirani kuti malamulo a dziko lino amafuna kuti akhale othiridwa vitamini A, monganso shuga. Vuto la kuchepa kwa vitamini ameneyu pakati pa ana aang'ono latsika kuchoka pa 59 pa 100 aliwonse mu 2001 kufika pa 4 mu kafukufuku wa 2015 mpaka 2016, ndipo zakudya zoonjezeredwa mavitamini ndi chimodzi mwa zomwe zathandiza. Koma vitamini A amaonongeka ndi kuwala kwa dzuwa. Mafuta oyeza omwe akhala padzuwa tsiku lonse m'kapepala koonekera amataya gawo la vitaminiyu, ndipo wogula sangadziwe chigubu chomwe achokera. Ngati ndalama ikulola, botolo lotseka lokhala ndi chizindikiro cha Malawi Bureau of Standards ndilo lodalirika. Ngati sikulola, gulani kwa wogulitsa amene amasunga mafuta ake pamthunzi ndipo sabisa chigubu chomwe akuyezera.